AMOSI WA KU TEKOWA, MBUSA AMENE ANADZUDZULA AMAYI A KU SAMARIYA



Kumapeto kwa Chipangano Chakale kuli mabuku 12 a aneneri, kuyambira Hoseya mpaka Malaki, amene timawatcha aneneri aang'ono. Dzinali silitanthauza kuti uthenga wawo ndi wopepuka ayi. Anawatcha choncho chifukwa mabuku awo ndi aafupi tikawayerekeza ndi a Yesaya, Yeremiya ndi Ezekiele. Ambiri mwa ife timawadumpha mabukuwa, ndipo wowerenga mawu m'tchalitchi akatchula limodzi mwa iwo, timavutika kulipeza mpaka iye wamaliza. Lero ndikufuna tidziwane ndi mmodzi mwa aneneriwa, Amosi. Buku lake ndi lachitatu pa mndandanda wa 12 uja, koma akatswiri ambiri a Baibulo amati iye ndiye woyamba mwa aneneri amene mawu awo anasonkhanitsidwa kukhala buku lodziwika ndi dzina lawo. Ndamusankha chifukwa ndi mmodzi mwa aneneri ochepa amene anatembenukira kwa amayi opemphera ndi kuwauza maso ndi maso kuti nawonso ali ndi mlandu pa kuzunzika kwa osauka.

Kwawo ndi ntchito yake

Amosi anali wa ku Tekowa, mudzi wa kumapiri m'dziko la Yuda, pafupifupi makilomita 16 kumwera kwa Yerusalemu, kupitirira Betelehemu. Kum'mawa kwa mudziwu kumayambira chipululu chotsetserekera ku Nyanja Yakufa. Ndi mudzi womwewu umene kunachokera mayi wanzeru uja amene Yowabu anamutuma kukalankhula ndi mfumu Davide za Abisalomu, monga timawerengera pa 2 Samuele 14.

Iye mwini anafotokoza kuti sanali mneneri wophunzitsidwa, ndipo sanali m'gulu la ana a aneneri. Anali woweta nkhosa ndi ng'ombe, komanso wosamalira mitengo ya mikuyu. Mawu a Chihebri amene buku lake limamutchula nawo pa vesi loyamba amapezekanso pa 2 Mafumu 3:4, pamene akunena za Mesa mfumu ya Mowabu amene anali ndi nkhosa zambirimbiri. Pachifukwa ichi ena amaganiza kuti Amosi sanali waganyu, koma mlimi wokhala ndi ziweto zakezake. Chodziwika bwino ndi chakuti anali ndi podyera pake. Sanayembekeze chopereka cha munthu kuti adye, choncho sanaope kuti akalankhula zowawa adzagona ndi njala.

Mkuyu umene Amosi ankasamalira ndi womwewu tili nawo kwathu kuno m'mbali mwa mitsinje. Nkhuyu zinali chakudya cha anthu wamba. Mtengowu sukonda malo ozizira a kumapiri ngati Tekowa, umachita bwino kuzigwa zotentha, choncho Amosi ayenera kuti anali munthu woyendayenda, woona misika ndi midzi yambiri. Ntchito ya wosamalira mikuyu inali kukwera mumtengo ndi kampeni n'kumacheka pang'ono chipatso chilichonse chikadali chosapsa. Chipatso chochekedwacho chimatulutsa mpweya wina umene umachipsetsa m'masiku ochepa, mpweya womwewo umene umapsetsa nthochi tikazivundika m'thumba.

Ine amene ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ntchito imeneyi imandikumbutsa kutumbula chithupsa. Mwana amalira, mayi ake amakuyang'ana ngati ndiwe mdani, koma ukachisiya mafinya amalowerera mpaka mwendo wonse kutupa. Uthenga wa Amosi unali wotero: kampeni kocheka pofuna kuchiritsa.

Nthawi imene anakhalamo

Mfumu Solomoni itamwalira, cha m'ma 930 Khristu asanabadwe, ufumu unagawika pawiri. Kumwera kunali Yuda, likulu lake Yerusalemu. Kumpoto kunali Israele, ndipo likulu lake pambuyo pake linadzakhala Samariya. Amosi analalikira cha m'ma 760 Khristu asanabadwe, pamene ku Yuda kunkalamulira Uziya ndipo ku Israele kunkalamulira Yerobowamu wachiwiri, mwana wa Yowasi. Buku la 2 Mafumu 14 limati Yerobowamuyu analamulira zaka 41 ndipo anabweza malire a dziko amene adani anali atalanda. Mneneri Yona mwana wa Amitai ndiye analosera za kupambana kumeneku. Aasiriya, amene ankaopseza mayiko onse a chigawocho, anali ofooka pa zaka zimenezo, choncho kunali mtendere, malonda ankayenda bwino, ndipo chuma chinachuluka.

Buku la Amosi limanenanso kuti iye analankhula kutatsala zaka 2 kuti kuchitike chivomezi. Chinali chivomezi chachikulu ndithu, pakuti mneneri Zekariya ankachikumbukirabe patapita zaka mazana angapo. Akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Yigael Yadin, atakumba pa mzinda wa Hazori m'zaka za m'ma 1950, anapeza makoma opendama ndi ogumuka a nthawi yomweyo. Ku Samariya nakonso, m'zaka za m'ma 1930, anafukula zidutswa zambirimbiri za minyanga ya njovu zosemedwa mwaluso, zimene ankakometsera mipando ndi mabedi. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene Amosi anaona: anthu okhala ndi nyumba ya nyengo yozizira ndi ina ya nyengo yotentha, ogona pa mabedi a minyanga, odya anaankhosa ndi anaang'ombe onenepa, omwera vinyo m'mabakuli ndi kudzola mafuta amtengo wapatali.

Chipembedzo nachonso chinali pachimake. Anthu ankakhamukira ku Betele ndi ku Giligala ndi nsembe, chakhumi, nyimbo ndi azeze. Aliyense poona makamu amenewo akanati Mulungu wakondwera ndi dziko limeneli.

Ulendo wa kumpoto

Mulungu anamutenga Amosi kumene ankatsata nkhosa ndi kumutuma kumpoto, kudziko la eni. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Munthu wa ku Yuda uyu anaona zimene eni dziko anali atazolowera mpaka kusiya kuziona.

Njira imene anayambira ulaliki wake inali yanzeru. Anayamba ndi kutchula milandu ya mitundu yoyandikana nayo: Damasiko, Gaza, Tiro, Edomu, Amoni ndi Mowabu. Ena anagulitsa midzi yathunthu muukapolo. Aamoni anang'amba amayi oyembekezera a ku Giliyadi pofuna kukuza malire awo. Monga munthu amene wathandiza amayi ambiri kuchira, vesi limeneli limandisweka mtima, komabe limanditonthoza kudziwa kuti Mulungu anawerengera amayi aja ndi ana awo osabadwa, ndipo sanaiwale. Anthu a ku Israele pomva adani awo akudzudzulidwa ayenera kuti ankavomereza ndi mitu. Kenaka Amosi anatchula Yuda, kwawo kwenikweni. Pomaliza anatembenukira kwa omvera ake, ndipo mlandu wa Israele unakhala wautali kuposa ya onse aja.

Milandu yake sinali ya kunkhondo. Inali ya pamsika, pabwalo ndi pakhomo. Munthu wosalakwa ankagulitsidwa chifukwa cha ngongole yaing'ono yofanana ndi mtengo wa nsapato. Lamulo la pa Eksodo 22 linkati wotenga chofunda cha mnzake ngati chikole achibweze dzuwa lisanalowe, chifukwa wosaukayo alibe china chofunda usiku. Koma anthu a ku Israele ankayala zofunda za chikolezo pambali pa guwa lansembe n'kugonapo, mwini wake akunjenjemera ndi chisanu kunyumba. Pachipata cha mzinda, pamene akulu ankaweruzira milandu, oweruza ankalandira ziphuphu, ndipo wonena zoona ankadedwa. Amalonda ankasunga Sabata ndithu, koma mumtima akuwerenga maola kuti lithe liti atsegule malonda. Akatsegula ankachepetsa muyeso wa tirigu, kukulitsa mwala woyezera ndalama za wogula, kupotoza sikelo ndi kugulitsa zosesa za pansi pamodzi ndi tirigu.

Mawu kwa amayi a ku Samariya

Pa mutu 4 Amosi akulankhula ndi amayi olemera a mumzinda wa Samariya, ndipo akuwayerekeza ndi ng'ombe za ku Basani. Basani linali dera la msipu wabwino kum'mawa kwa Nyanja ya Galileya, lodziwika ndi ng'ombe zonenepa. Woweta ziweto ngati Amosi ankadziwa kuti ng'ombe yokhuta imaponda mbewu osazindikira n'komwe. Sanawadzudzule amayiwa chifukwa cha thupi lawo kapena chifukwa chovala bwino. Mlandu wawo unali wopsinja osauka ndi kupondereza osowa, uku akulamula amuna awo kuti abweretse zakumwa zina. Iwo sanakhale pabwalo la milandu, sanagwire sikelo, koma ankadya zochokera ku ziphuphu ndi ku chinyengo popanda kufunsa kumene zachokera. Amosi anawachenjeza kuti tsiku lidzafika pamene adani adzawakoka ndi ngowe, kuwatulutsira pa ming'alu ya linga la mzinda.

Mawuwa ndi owawa, koma muli ulemu mkati mwake. Mneneri sanawaone amayi ngati ana oti sadziwa kanthu. Anawaona ngati anthu amphamvu m'nyumba, amene pakamwa pawo pangathe kukankhira mwamuna ku katangale kapena kumubweza.

Ndiloleni ndiulule zanga. Chaka china ndikadali pantchito, gulu lathu linkakonzekera msonkhano waukulu, ndipo pankafunika nsalu yatsopano, ndalama ya galimoto ndi chopereka. Ndinalipira zonsezi msanga kuti ndisachite manyazi pamaso pa anzanga. Mtsikana amene ankandilerera ana ndikakhala pa ntchito ya usiku ndinamuuza kuti adikire malipiro ake mpaka mwezi wotsatira. Sanayankhe kanthu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mlongo wake wamng'ono anabwezedwa kusukulu sabata imeneyo chifukwa cha ndalama imene ine ndinaigwira. Ku msonkhano kuja ndinaimba ndi mawu okweza ndithu. Nditadzawerenga mutu 5 wa Amosi patapita nthawi, ndinadziona ndekha mmenemo, ndipo ndinapita kukamupepesa mtsikanayo.

M'mutu 5 umenewo Mulungu akunena poyera kuti akunyansidwa ndi maphwando achipembedzo a Israele, salandira nsembe zawo, ndipo nyimbo zawo akuzimva ngati phokoso chabe. Chimene akufuna ndi chilungamo choyenda kosaleka. M'dziko la Israele mitsinje yambiri imasefukira mvula ikagwa, koma imauma gwa m'chilimwe, ngati timitsinje tathu tina tija timasanduka mchenga mu Okutobala. Amosi anafuna chilungamo chonga mtsinje wosaphwa, chopezeka Lolemba pamsika monga chimapezekera Lamulungu m'tchalitchi. Ndime yomweyi ndi imene m'busa Martin Luther King anaigwiritsa ntchito ku Washington mu 1963 pomenyera ufulu wa anthu akuda a ku America.

Masomphenya ndi pemphero lake

Tisamuone Amosi ngati munthu waukali wokondwa ndi chilango. Mulungu anamuonetsa masomphenya 5. Poyamba anaona dzombe likudya mbewu zachiwiri, zimene anthu wamba ankadalira mfumu itatenga kale gawo lake. Kachiwiri anaona moto wonyeketsa dziko. Pa nthawi ziwiri zonsezi Amosi anagwada kupempherera Israele, ponena kuti mtunduwo ndi wochepa mphamvu ndipo sungapirire, ndipo Mulungu analeza mtima. Munthu amene ankadzudzula anthuwa masana ndi yemweyo amene ankawapembedzera kwa Mulungu.

Kachitatu anaona Ambuye ataima pa khoma ndi chingwe chimene amisiri omanga amayesera ngati khoma laongoka. Kachinayi anaona dengu la zipatso zakupsa, kusonyeza kuti nthawi yakwana, pakuti m'Chihebri mawu otanthauza zipatso zimenezi amamveka mofanana ndi mawu otanthauza mapeto. Komaliza anaona Ambuye ataima pafupi ndi guwa lansembe, akulamula kuti nyumbayo igwetsedwe. Kuyambira masomphenya achitatu sitimvanso Amosi akupempha kuti chilango chichoke. M'wodi timadziwa nthawi imene matenda afika poti mankhwala akumwa sangathandizenso.

Kukumana ndi wansembe Amaziya

Ku Betele, pafupifupi makilomita 17 kumpoto kwa Yerusalemu, kunali nyumba yopembedzera ya mfumu, kumene Yerobowamu woyamba anaimika fano la mwanawang'ombe wagolide. Wansembe wa pamalopo, Amaziya, anatumiza uthenga kwa mfumu wonena kuti Amosi akukonza chiwembu, ndipo dziko silingathe kupirira mawu ake. Kenaka anamuuza Amosi kuti athawire kwawo ku Yuda, azikalosera kumeneko ndi kudyera komweko, chifukwa Betele ndi malo opatulika a mfumu. Amaziya ankaganiza kuti uneneri ndi ntchito yopezera chakudya basi.

Apa ndi pamene Amosi anafotokoza mbiri yake: kuti iye ndi woweta ziweto ndi wosamalira mikuyu, ndipo amene anamuchotsa ku nkhosa zake ndi Mulungu, choncho wansembe sangamutseke pakamwa. Anamuuzanso Amaziya kuti banja lake lidzaonongeka, munda wake udzagawidwa, ndipo iye adzafera kudziko lachilendo. N'zomvetsa chisoni kuti amene anafuna kuletsa mawu a Mulungu anali mtumiki wa paguwa. Amosi anachenjeza kuti kudzabwera njala ina, ya kusowa mawu a Mulungu, pamene anthu adzayendayenda kuwafunafuna koma osawapeza.

Baibulo limasiyira pomwepa mbiri ya moyo wake. Mwambo wina wakale, wolembedwa patapita zaka mazana ambiri, umati mwana wa Amaziya anamumenya pamutu ndi chibonga, ndipo anakafera kwawo ku Tekowa. Mipingo ya Orthodox imamukumbukira pa 15 Juni chaka chilichonse.

Zimene zinatsatira

Mu 745 Khristu asanabadwe, Tigilati-Pilesere wachitatu analowa ufumu wa Asiriya, ndipo mtendere uja unatha. Yerobowamu atamwalira, mwana wake Zekariya analamulira miyezi 6 yokha n'kuphedwa, ndipo mafumu anayamba kuphana motsatizana. Mu 722 Samariya unagwa m'manja mwa Aasiriya, ndipo anthu ambiri anatengedwa ukapolo kudziko lakutali. Panali patapita zaka pafupifupi 40 chilankhulire mbusa uja. Atsikana amene anamumva ali achichepere anatuluka pa ming'alu ya linga ali agogo.

Buku lake silithera pa chiwonongeko. Pa mutu 9 Mulungu akukumbutsa Israele kuti pamaso pake iwo sasiyana ndi Akusi, anthu a mu Africa okhala kumwera kwa Ejipito, ndiponso kuti amene anatulutsa Israele ku Ejipito ndi yemweyo amene anatsogolera maulendo a Afilisti ndi Aaramu. Mavesi otsiriza akulonjeza kuti nyumba ya Davide yakugwayo idzamangidwanso, mizinda idzakhalanso ndi anthu, ndipo wolima munda adzadya zipatso zake yekha. Atumwi ankalidziwa bwino bukuli. Stefano analitchula asanaponyedwe miyala, pa Machitidwe 7. Pa msonkhano wa ku Yerusalemu, pa Machitidwe 15, Yakobo anagwiritsa ntchito mavesi otsiriza a Amosi potsimikiza kuti anthu a mitundu ina alandiridwe mumpingo popanda kusenzetsedwa goli la mdulidwe. Ife amene tikupembedza lero tinalowera pa khomo limenelo.

Kwa ife amayi

Amayi anzanga, ambiri mwa ife sitigona pa mabedi a minyanga. Ena ndife amasiye olera zidzukulu, ndipo kwa ife uthenga wa Amosi ndi chitonthozo: Mulungu amaona chofunda chimene chinalandidwa ndi mlandu umene unagulidwa, ngakhale katundu amene achibale analanda pa maliro a mwamuna wathu. Koma aliyense wa ife ali ndi wina wochepa mphamvu kuposa iye. Pali mbale ija yoyezera nyemba imene tinaigogoda pansi pake kuti ilowetse zochepa. Pali chimanga chofumbwa chimene timachibisa pansi pa thumba. Pali katapila amene timakongoza mnzathu wa m'gulu lomweli, waganyu amene timamuuza kuti abwere mawa, ndi mwana wamasiye amene amadya pomaliza m'nyumba mwathu. Pali ndalama imene abambo abwera nayo yoposa malipiro awo, ife n'kulandira ndi manja awiri osafunsa. Yunifomu yathu siyingaphimbe zimenezi pamaso pa Mulungu.

Ndipo ngati Ambuye akutituma kukachenjeza wina, tisanene kuti sitinapite kusukulu ya zaubusa. Amosi nayenso sanapiteko. Koma titsate dongosolo lake: tiyambe tamupempherera munthuyo tisanatulutse kampeni. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma wotsina asanapemphere nthawi zambiri amangosiya bala.

Buku la Amosi lili ndi mitu 9 yokha. Ndikupempha gulu lililonse m'maparishi mwathu kuti liwerenge bukuli mwezi uno, mitu iwiri kapena itatu pa msonkhano uliwonse. Tikamaliza, mayi aliyense asankhe chinthu chimodzi choti akonze asanakalandire Mgonero wa Ambuye: ngongole yoti abweze, malipiro oti apereke, kapena mbale yoyezera yoti aitaye.

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.